Mlatho wa Alamu

Mudzi wathu uli kumtunda kwa boma la Nkhata Bay, kutsidya kwa kamtsinje kotsetserekera kunyanja. Kale mlendo akafunsa njira, tinkamuuza kuti ayang'ane mtengo waukulu wa mango wa patchalitchi, kenako thanthwe limene amayi ankayanikapo chinangwa. Mlatho kunalibe. Tinkawolokera pa mitengo iwiri imene agogo aamuna anayala pomwe ankakhazikitsa mudziwu.

Tsiku la ukwati wa achemwali anga kunagwa chimvula m'mamawa, mitengo ija n'kukokoloka. Mkwati anali dalaivala wa lole wa ku Mzuzu. Anafika ndi abale ake n'kuima kutsidya, atatchena suti, akuyang'ana madzi ngati akuona ng'ona. Belu la tchalitchi linali litalira kale.

Ine masiku amenewo ndinkanyamula katundu padoko sitima ikafika. Ndinavula malaya n'kuwoloka, madzi akulekeza m'chiuno.

"Alamu, kwerani kumsana," ndinatero.

"Iyayi alamu, anthu onsewa akuona!"

"Matumba a usipa amene ndimasenza amakuposani kulemera. Kwerani, mkwatibwi akudikira."

Anakwera. Tili pakati anandikanyanga pakhosi n'kuyamba kupemphera m'Chitumbuka mokweza. Amayi a m'mudzi anafa nalo phwete, ena akululutira. Nsapato imodzi ya alamuwo inavuka n'kupita ndi madzi, moti malumbiro anachita atavala nsapato za bambo anga, zazikulu ngati bwato. Abale awo tinawawolotsa mmodzimmodzi, ine ndi anzanga a kudoko.

Pamadyerero alamuwo anaimirira. "Mwandipatsa mkazi," anatero, "koma kumsana kwa munthu sindidzakweranso."

Tinkayesa nthabwala. Koma mvula itatha, lole yawo inatulukira ndi simenti ndi zitsulo. Mudzi wonse unagwirapo ntchito. Abambo ankaswa miyala, amayi akututa mchenga, abusa nawo anapinda thalauza n'kugwira fosholo. Mlathowo ndi waung'ono, galimoto sikwanapo, koma njinga zamoto zimadutsa bwinobwino, ndipo amayi amapita ndi ufa wa kondowole kumsika ngakhale mtsinje utadzaza. Mpaka lero umatchedwa Mlatho wa Alamu.

Tsiku loutsegulira, achemwali anga ndiwo anayamba kuwoloka, mimba ili patsogolo. Atafika tsidya linalo anatembenuka n'kuitana amuna awo: "Bwerani, bambo, musaope. Ndi wolimba!"