Mayi ogawa maselo ngati maswiti

Mayi aakulu a mu labu yathu ya kafukufuku wa sayansi kuno mumzinda wa Adelaide amafufuza momwe maselo a m'thupi amatumizirana uthenga, lina n'kuuza linzake jini, kapena kuti langizo la m'kati mwa selo, loti liyatse ndi loti lizimitse. Mawu awo sasintha: "Selo likasiya kumva anzake, limafa."

Ali ndi chizolowezi chimene chimatiwawa. Wophunzira aliyense akamatsanzika, amamupatsa kabotolo ka maselo athu, omwe takhala tikuwalera zaka zambirimbiri, okhala ndi jini lowala mobiriwira likayaka. "Mukugawatu ngati maswiti," timadandaula. "Adzatipitirira ndi zathu zomwe!" Iwo amangoseka.

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi, dzuwa likuswa mtengo, firiji yosungira maselo inafa kulibe munthu. Pobwera tinapeza zonse zitasungunuka, maselo athu onse atafa. Ine ndinangoti khwithyi pansi.

"Callum, dzuka apo ukatereke tiyi," anatero mayiwo, akutenga foni.

Posakhalitsa timabokosi tozizira ta maselo tinayamba kufika kuchokera kwa ophunzira akale aja, ku Hobart, ku Perth, ku Darwin. Maselo anatsitsimuka, jini lathu lija n'kuyakanso mobiriwira ngati kale. Mtima unakhala pansi.

Mayi aja anandisuzumira pamwamba pa magalasi awo. "Maswiti aja abwerera. Ulawako?"