Khadi Lopserera Pakona

Ndikukumbukira tsiku limene a Mbewe, aphunzitsi athu a masewero, anatsamiritsa njinga yawo pa chigafa chathu ku Kabudula. Makolo anga anali matenanti ochokera ku Thyolo, ndipo tsikulo tinkasoka fodya, manja ali bii.

Anabwera ndi nkhani yoti ndasankhidwa kukathamangira Malawi kunja, kumpikisano wa achinyamata a mayiko osiyanasiyana, kumene mpira, nkhonya ndi kusambira zimachitikira pamodzi. Ine Esinati, wothamanga chosavala nsapato! Koma panali vuto. Mpikisanowo unali wa ana osapitirira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pamene ine ndinali chimtsikana chachitali ngati bulugama. Akuluakulu ku Lilongwe ankakayika. Ankafuna pepala losonyeza tsiku lobadwa pofika Lachisanu, apo ayi malo anga apatsa wina.

"Kodi mwanayu anabadwa liti?" a Mbewe anafunsa abambo.

"Chaka chimene madzi anakokolola mlatho kwathu," abambo anayankha molimba mtima.

"Mlathotu sangaulembe papasipoti, bambo."

Ndinalira, osanama. Kuthamanga konse kuja m'mizere ya fodya mbandakucha kuthere pa pepala?

Amayi anadzuka. Anapukutira manja pachitenje, nalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitini chosungiramo mbewu ya mtedza. Pansi pa mtedzawo panali jumbo, ndipo m'jumbomo munali makhadi asanu ndi limodzi a kusikelo, a ana onsefe. Anali atasamuka nawo maesiteti atatu. Amayi sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, koma sanachite kusakasaka. Anangosolola limodzi lopserera pakona.

"Lake ndi ili. Linapsa tsiku limene anagubuduza koloboyi akukwawa. Liwiro analiyamba kale ameneyu."

A Mbewe anawerenga kawiri, kenako anavula chipewa. "Khumi ndi zisanu basi! Mayi, mwatipulumutsa."

Ndinapita. Ndege inandiopsa, nsapato zaminga zothamangira zimene anandipatsa zinandiluma zala, komabe ndinamaliza wachitatu. Mbendera yathu ikukwera, ndinaima nganganga, mtima uli pa chitini chamtedza chija. Ndinanyada kwambiri, ndipo mpaka lero sindibisa.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ana anga ali ndi ziphaso zobadwira zodinda bwino, ndipo palibe angawayese zaka poyang'ana msinkhu. Akamandifunsa za ulendowo amafuna kumva za ndege ndi mendulo. Ine ndimawauza za tsiku limene ndinabwerako. Esiteti yonse inasonkhana, nthungululu zili pakamwa, abambo akuzungulira ndi mendulo ngati athamanga ndiwo. Amayi anaigwira pang'ono, naipereka kwa wina, n'kundikokera pambali.

"Khadi lija wabwera nalo, eti? Bweretsa ndikasunge."