Nyuzi ya Che Amidu pa Doko la Liwonde

Ndinatsika sitima pa Balaka mmawa, chipewa nditachitsitsa mpaka m'maso. Zaka zitatu ndinali pagolo m'timu ya kampani ina ku Limbe, ndikulembedwa ngati kalaliki koma ntchito yanga ili yogwira mpira. Kenaka anandisankha kukaimira Nyasalande kunja. Kumeneko mipira inandidutsa m'miyendo ngati nkhuku zolowa m'khola. Pobwerera, kampani inakumbukira kuti kalaliki wake sadziwa taipi, ndipo ntchito inathera pomwepo.

Lole ya mmwenye yopita ku Ntaja inandilipiritsa masheleni awiri, mpando wake thumba la mchere. Masana tinaima pa Liwonde kudikira pantoni yotiolotsa Shire. Apo mkulu wina wa chisoti choyera, Che Amidu, anatulutsa nyuzipepala m'malaya.

"Achimwene, mukuoneka odziwa zilembo. Tatiwerengereni za mpira."

Ine kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha pa zitini ndi pa matumba, ndipo sindikana mpata woonetsera. Anthu anandizinga. Nditafika pakati, ndinaona dzina langa, ndi mawu oti wapagoloyo ndiye anachititsa kuti dziko ligonje. Lilime linandithamangira. Pamalo pa dzina langa ndinatchula la Saidi, mnzanga wotchinga kumbuyo m'timu ya dziko, amene tsiku lija anasewera mpaka kutuluka magazi m'mawondo.

"Ameneyo akalime thonje basi!" anatero mayi wina. Lole yonse inaseka.

Che Amidu sanaseke. Anapinda nyuzi ija bwinobwino, nati, "Saidi ndi mwana wanga. Ndayendera pepala limeneli masiku awiri."

Tinaoloka. Msewu wokwera mapiri a Machinga unatigwedeza mpaka mano, koma chimene chinkandipweteka ine si mabampu iyayi. Mkuluyo ananyema chinangwa chake chootcha nandipatsa mbali yaikulu. Ndinangochifumbata m'manja.

Dzuwa litapendeka tinatsika pa Ntaja. Iwo analunjika njira ya ku Kawinga, ine yanga inali ya ku Chikweo. Ndinayenda pang'ono, kenaka ndinawathamangira.

"Baba, ndanama. Pepalalo silikunena Saidi. Likunena ine."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kuchipewa. "Wapagolo uja ndinu?"

"Ndine."

"Manja aakulu chonchi?" Anapukusa mutu. "Chabwino. Koma mwanamizira pagulu, ndipo theka la lole ija ndi anthu akwathu. Mawu anu akafika kwa mai ake ine ndisanafike. Tiyeni."

Ndinawatsata, nditawanyamulira mtolo. Pabwalo la kwawo, amuna atatuluka mu mzikiti, ndinawerenga nkhani yonse molondola, dzina langa ndikulitchula mokweza. Mai a Saidi, amene makutu awo samva bwino, anati ndibwerezenso. Ndinabwereza.

Kwathu ndinafika mawa lake. Zigoli zakunja zija ndinkati ndiwo manyazi aakulu a moyo wanga, koma kuja ndinkayesetsa ndithu kutchinga. Chigoli cha pa Liwonde chija ndinamwetsa ndekha pagolo lathu lomwe, mnzanga Saidi kulibe.