Ndinachotsa Zaka za Lipenga

Lero ndikukwecha mapoto ndi phulusa ndi ndimu, mwana ali kumsana, ndipo fungo la phulusalo landikumbutsa lipenga la Batate, bambo anga, ku komboni ya Kalingalinga.

Ntchito yawo ya ku fakitale itatha, unga ukukwera mtengo sabata iliyonse, Batate anaganiza zoligulitsa. Linali lakuda bii, lamawangamawanga. Ndinachita manyazi kuti mlendo alione chonchi, ndiye ndinalikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka linawala ngati poto watsopano.

Wogula anali bambo wa ku tauni wosonkhanitsa zinthu zakale. Analitembenuza, kufunafuna tinambala tosonyeza chaka chimene linapangidwa.

"Nindani wachita ivi? Nambala sioneka. Mwachotsa zaka zake zonse."

Ndinabisala kuseri kwa chitenje cha Amama, koma mumtima ndinanyada. Ndinkaganiza kuti lipenga ndalibweza ku ubwana.

"Ndiye simugula?" Batate anafunsa.

"Lopanda zaka? Iyayi, mudala."

Bamboyo atachoka, Batate sanandikalipire. Anaika lipenga pakamwa n'kuliza nyimbo ya kutchalitchi, mpaka ana a m'komboni anadzaza pakhomo. Mwezi umenewo ndiwo zinali chibwabwa chokha, masamba a maungu.

Ndakula tsopano, ndipo ndazindikira kuti pofunsa muja, Batate ankaopa kumva inde.