Pemphero Langa pa Foni ya Anaphiri

Ine Nabanda wa ku Sparkhill, kuno kunja kwa dziko, woyambitsa nyimbo kumvano wa amayi, lero ndiyimba yondichititsa manyazi.

Ngongole ine sindinkaidziwa, ndinkagula ndi kashi, kashi basi. Ndiye nditapita kushopu kukatenga foni yolipira pamwezi, anandikana. Akuti malikisi anga a kirediti, osonyeza mmene munthu amabwezera ngongole, ngotsika, poti sindinakongolepo, makompyuta awo sakundidziwa. Koma Anaphiri a ku Lozells, anzanga a kutchalitchi omwe ali ndi khadi la ngongole, anawapatsa. Chifoni chachikulu ngati mbale, kumajambula nacho kwaya yonse, ine kutuluka theka la nkhope.

Mtima unandiwawa, abale, unandiwawa. Lachinayi kumvano, eni ake kulibe, ndinaimirira ndi nkhope yachisoni. "Amayi, tiwapempherere Anaphiri, khadi la ngongole lawamanga." Amayi anabuula, ena mpaka anakawatulira mpunga ndi mafuta kunyumba.

Anaphiri anamva zonse. Anangondiperekeza kubanki kukatenga khadi langa, nkundiuza kuti, "Anabanda, khadili muzigulira mkaka wokha. Mwezi ukatha muzibweza yonse, osachedwa. Malikisi azikwera okha."

Ndipo anakwera, ee anakwera, foni ndinatenga, ndinavina msewu wonse wa Stratford Road.

Lachinayi lapitali Anaphiri anaimirira, nkhope yachisoni ngati yanga ija. "Amayi, tiwapempherere Anabanda, khadi lawamanga." Ndinatsinzina, ameni wanga anaposa wa onse. Mpunga wa amayi wabwera dzulo, ndaphika. Chondiwawa kwambiri, foni yawo ikadali yaikulu kuposa yanga.