Chigoba cha a Teófilo M'chipinda cha Raio-X

A Teófilo anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo anawoloka malire n'kufika kwawo ku Zóbuè mtendere utabwera, ali ndi zaka khumi. Kuwotcherera zitsulo anaphunzirira pa njinga zothyoka za amalonda. Malasha atayamba kukoka anthu, nawonso anatsikira ku Moatize, nalembedwa ntchito kumgodi.

Tsiku lina anawotcherera osavala chigoba chakumaso, maso n'kutupa masiku awiri ngati munthu wawathiramo mchenga. Kuyambira pamenepo ankati kuwala koopsa ndi kumene diso silikuona.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri, chifuwa chinawagwira miyezi itatu. Ankadziwa kuti ngati fumbi la malasha ladya mapapo, ntchito yatha. Akazi awo anali atayamba kale kufunafuna wogula mbuzi yawo kuti apeze ndalama pamavutowo. Kuchipatala anawauza kuti akajambulidwe m'chifuwa ndi raio-X, koma iwo anakana. Kuwala kopyola nthiti kungasiye chiyani m'maso?

Mwana wawo Neide, amene ankaphunzira za nyenyezi ku Maputo, anawaimbira foni.

"Papa, kumwambaku kuli nyenyezi zikuluzikulu, zotentha koposa dzuwa. Zimatulutsa kuwala komwe kunakupwetekani maso kuja, ndi raio-X yemwe. Mpweya wozungulira dzikoli umazitchinga, n'chifukwa chake makina oziyezera amawatumiza kuthambo. Wakuchipatalayo ndi kadontho chabe."

"Nanga m'kachipindamo muli mpweya wochuluka bwanji woti unditchinge?"

"Papa, inu!"

"Ndakutumiza kusukulu kuti uzindiopseza ndi nyenyezi?"

Komabe Lolemba anapita, atavala chikopa chawo chapachifuwa chodzitetezera powotcherera, chigoba chili m'khwapa. Wojambula, mayi Arminda, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Malume, mwabwera kudzatikonzera geti?"

"Ndabwera kudzajambulitsa, koma maso anga ndi awiri okha."

"Chikopacho vulani. Chigobacho valani, sitijambula nkhope."

Anaima chomwecho, chifuwa pamtunda, mutu uli m'chigoba, akudikira kuthwanima. Makina anangoti tswii.

"Basi, valani malaya."

"Mwayamba kale?"

Lachinayi dotolo anakweza chithunzi pawindo n'kuwerenga nthiti ndi cholembera. Mapapo anali oyera. Chinali chifuwa chomva mankhwala, ndipo anati pakatha masabata awiri abwerere kuntchito, azivala chotchinga fumbi.

A Teófilo anakakhala pabenchi panja. Kenaka anaimbira Neide.

"Uwauze amayi ako asagulitse mbuzi ija. Mwini wake sakufa."