Mabedi 32 a Mayi Chikolopa

Mayi Chikolopa anayamba ntchito pachipatala chachikulu cha m'tauni Lachinayi pa 3 Febuluwale 1994. Anali ndi zaka 28, ana awiri, ndi satifiketi ya sekondale imene inali itagona pansi pa sutikesi kwa zaka khumi. Anawapatsa ndowa, chikolopa, apuloni yobiriwira ndi wodi ya amuna. Dzinalo linachita kubwera lokha. Madokotala achinyamata, amene analibe nthawi yofunsa dzina la munthu, ankangoti aitanidwe mayi a chikolopa, ndipo linakakamira. Iwo sanalikane. Ankati ndi bwino kutchulidwa ndi chida chimene umadziwa kuchigwira.

Wodiyo inali ndi mabedi 32, khumi ndi asanu ndi limodzi mbali iyi, enanso otero mbali inayo. Inali ndi masinki awiri, kachipinda kotsukira mabeseni, ndi zenera losatsekeka pamwamba pa bedi 9. M'mawa uliwonse ankayambira pakhomo, kukwera ndi mzere wakumanja, kutembenuka kukhoma, n'kutsika ndi wakumanzere. Pokolopa pansi pa bedi munthu amawerama, ndipo khutu limafika pafupi ndi chifuwa cha wodwala. Motero anaphunzira kuzindikira chibayo ndi kapumidwe, chikasu ndi maso, kuchepa kwa magazi ndi zikhatho zoyera mbee. Anamwino akachepa, ndipo ankachepa kawirikawiri, iwo ankatembenuza odwala, kuwamwetsa madzi ndi kuwagwirira beseni. Palibe anawatuma, palibenso anawaletsa, mpaka Lachinayi pa 6 Okutobala 2016.

Tsiku limenelo namwino watsopano, wamng'ono kuposa mwana wawo woyamba, anawapeza akutembenuza mkulu wina wofa ziwalo. Anawauza pamaso pa wodi yonse kuti asiye, chifukwa munthu wosaphunzira ntchitoyo saloledwa kukhudza wodwala. Mayi Chikolopa anamaliza kaye kumugoneka bwino mkuluyo, anamuikira pilo pakati pa mawondo, kenako anakafunsa ku ofesi kuti ntchitoyo amaiphunzira kuti.

Inkaphunzitsidwa pomwepo, kuseri kwa labotale. Chipatala chinali ndi maphunziro a chaka chimodzi a othandizira anamwino, ndipo antchito ake ankaloledwa kulowa ngati sanakwanitse zaka 52. Iwo anabadwa pa 19 Juni 1965. Anawerenga ndi zala n'kupeza kuti mwayi unali wa chaka chotsatiracho basi.

Amuna awo, kondakitala wa basi wopuma ntchito, anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati awagulire chikwama cha kumsana ndi masokosi oyera.

"Gulani," anatero mayiwo. "Mugulenso sopo, chifukwa malaya anu muzichapa nokha."

Maphunziro anayamba Lolemba pa 9 Januwale 2017. M'kalasi munali anthu 24, ambiri a iwo ongotuluka kumene kusekondale. Pakona panali bedi logonapo chidole chachikulu ngati munthu, chimene mkono wake wakumanzere unkaguluka ukachitembenuza mwamphamvu. Pa chidolecho Mayi Chikolopa analibe mnzawo. Kuyala bedi pali munthu, kusambitsa, kutembenuza, zonse ankachita atsikana akanali kuyang'ana m'buku. Vuto linali pepala limodzi limene Sisitala, mphunzitsi wawo wamagalasi okhuthala, anagawa sabata yachiwiri. Panali mawu makumi anayi a matenda, monga mmene madokotala amawatchulira ndi kuwalembera m'mafayilo. Aliyense ankafunika kudziwa liwu, tanthauzo lake ndi zizindikiro zake. Sisitala anafotokoza kuti wothandizira namwino amene sangathe kuwerenga fayilo ndi woopsa kuposa wodwala wopanda womuyang'anira. Lamulo linali loti wolephera mayeso a mawuwo katatu achotsedwe, adzafunsirenso malo chaka chinacho.

Matendawo ankawadziwa onse, koma ndi mayina ena. Chibayo chinali chitasanduka nimoniya, chikasu jondisi, mphumu asima, khunyu epilepuse. Kutupa kwa miyendo ankati edima, kutha madzi m'thupi dihaidireshoni. Ankawerenga madzulo asanaphike, n'kuona ngati alowa, koma kukacha mawuwo anali atasakanikirana ngati zovala za ana ambiri mudengu limodzi. Pa 10 Febuluwale anapeza 22 pa 100. Pa 14 Malichi anapeza 38. Malikisi okhozera anali 50.

Mayeso achiwiri atatuluka, Sisitala anawaitanira mu ofesi yake n'kutseka chitseko. Analankhula mwaulemu. Anati msinkhu uli ndi zake, palibe chochititsa manyazi, ndipo akasiya okha adzawalembera kalata yabwino yonena kuti anasiya pazifukwa za kunyumba. Ntchito yokolopa inali ikuwadikirabe, popeza Loweruka lililonse ankaigwirabe.

"Asisitala, lamulo likuti kangati?"

"Katatu, mayi."

"Ndiye kwatsala kamodzi. Kameneko ndi kanga, simungandilande."

Njira anaitulukira Loweruka pa 18 Malichi, ali ndi chikolopa m'manja. Atafika pabedi 4 anakumbukira telala wina amene anagona pamenepo zaka zambiri zapitazo, miyendo itatupa moti ukadina ndi chala pankatsala dzenje. Pakamwa pawo panatuluka liwu lokha: edima. Anaimirira, n'kuyang'ana mzere wonse wa mabedi. Pabedi lililonse panali patagona anthu mazanamazana, ndipo pa lililonse panali mmodzi amene sanamuiwale. Anayamba kugawa. Mphunzitsi wina wa maso achikasu wa pabedi 11 anamupatsa jondisi. Wa pansi pa zenera losatsekeka, amene ankabanika mphepo ikalowa, anatenga asima. Mkulu wa shuga amene ankabisa maswiti m'pilo anatenga daiyabitisi, pabedi 23. Mabedi atatha, mawu asanu ndi atatu otsala anawaika pakhomo, pamasinki, m'kachipinda ka mabeseni, pathebulo la anamwino ndi m'makona. Mayina a anthuwo sanawalembe paliponse, ndipo sanauzeko munthu. Kwa milungu isanu ankayenda wodiyo m'mutu, m'basi ngakhale potsuka mbale, kuyambira pakhomo, kukwera kumanja, kutsika kumanzere. Amuna awo ankati m'nyumba mwadzaza odwala osaoneka, ndipo iwo ndi amene akugona pansi.

Mayeso achitatu anali Lachisanu pa 21 Epulo, kuyambira 9 koloko mpaka hafu pasiti teni. Sisitala atangoti ayambe, Mayi Chikolopa anaona kuti mafunso sakutsata mzere wa mabedi. Anafuna kuiona wodi yawo ndi maso. Koma kujambula mizere papepala la mayeso, loyera bwino chomwecho, anaona ngati kulidetsa. Okolopa onse amayenda ndi ndandanda wakale wa ntchito m'thumba, kuseri kwake n'kumalembako zimene zatha, kaya ndi sopo kaya magolovesi. Iwo anali ndi wotero m'thumba la juzi, kuseri kosalembedwa kanthu. Anautulutsa, anaufunyulula pathebulo poyera, anajambula timabokosi 32 ta mabedi ndi malo asanu ndi atatu aja, n'kulemba mawu ake m'kati. Kenako anayamba kuyankha, dzanja likuyenda ngati sanalepherepo. Zoti m'chipinda cha mayeso salowa ndi pepala lakunja zinanenedwa mu Januwale, koma iwo anamva kuti akunena pepala lolembedwa kale.

Nthawi ili 10:05 chithunzithunzi cha Sisitala chinagwera pathebulo. Sisitala anatola pepalalo, analitembenuza, anaona kuti lilibe chidindo cha sukulu ndipo ladzaza ndi mawu a mayeso. Anatenganso pepala la mayankho n'kuwauza kuti atuluke. Mtsikana wina kumbuyo ananong'ona kuti agogo nawonso amabera, ndipo anamveka.

Loweruka ndi Lamlungu Mayi Chikolopa sanadye bwino. Amuna awo, nthabwala zitawathera, anati mwina apepese basi, anthu a m'maofesi amafewa ndi munthu wodzichepetsa. Mayiwo anayankha kuti wopepesa ndi amene walakwa chimene akumunenacho. Kulowa ndi pepala analowa nalo, zimenezo avomera. Kubera sanabere.

Lolemba pa 24 Epulo anaitanidwa kwa mkulu wa maphunziro, bambo wa imvi amene ankalankhula akusewera ndi chivindikiro cha cholembera. Sisitala anali pomwepo, mapepala awiri aja ali pathebulo. Mkuluyo anafotokoza kuti chilango cha kubera ndi kuchotsedwa. Koma poganizira zaka zimene agwira pachipatalapo, akhoza kusaina kalata yovomera kulakwa, ilowe m'fayilo yawo, n'kulembanso mayeso pakatha milungu iwiri.

"Bwana, kalatayo ikunena kuti chiyani?"

"Kuti munalowa ndi mayankho olembedwa kale."

"Imeneyo asaine amene analowa nawo. Ine ndikupempha choko."

Mkuluyo anayang'ana Sisitala, Sisitala anayang'ana kudenga. Pakhoma la ofesiyo panali bolodi lolembapo ndandanda wa maphunziro. Mayi Chikolopa anapempha kuti alifufute, ndipo asanayankhidwe anali atalifufuta kale ndi mpango wawo. Anajambula khomo, mizere iwiri ya mabedi, masinki ndi kachipinda. Anauza mkuluyo kuti agwire pepala lawo lija, asawaonetse, azingotchula nambala iliyonse imene akufuna.

Anatchula 17. Iwo anati anemiya, kuchepa kwa magazi, munthu wofooka, wa chizungulire, zikope zoyera m'kati. Anatchula 2. Haipatenshoni, kuthamanga kwa magazi, kumene nthawi zambiri sikuonekera mpaka utayeza. Anadumphira ku 30, kubwerera ku 8, kupita pasinki yachiwiri. Choko chinkalira pabolodi, fumbi likugwera pansapato zawo. Sisitala, amene poyamba anapinda manja, anayamba kufunsa nawo. Ankafunsa zovuta, monga kusiyana kwa munthu amene shuga wamukwerera ndi amene wamutsikira, ndi zimene wothandizira namwino ayenera kuchita asanathamange kukaitana. Mayiwo anayankha osatembenuka.

Pa nambala 26 choko chinaima.

"Pamenepo pali bambo amene ankavutika kumeza," anatero. "Ndikumuona bwinobwino, ndinkamupukuta pachibwano. Koma liwu lake limandikana. Sindilidziwa."

Mkuluyo anayang'ana papepala. Bokosi la 26 linali lopanda kanthu. Anamuonetsa Sisitala ndi chala, n'kunena motsitsa mawu kuti munthu wokopera m'buku kunyumba sasiya bokosi lopanda kanthu. Anaika chivindikiro pacholembera. Ananena kuti mlandu wa kubera watha, kalata ija aing'amba, ndipo mayiwo alembe mayeso atsopano pa 8 Meyi popanda chilichonse m'fayilo.

Wina aliyense akanathokoza n'kutuluka. Mayi Chikolopa anafunsa kuti mayeso amene analemba kale alakwa chiyani. Sisitala anawakumbutsa kuti sanamalize, mafunso khumi omaliza ndi osayankhidwa, ndipo akawachonga mmene alili n'kupezeka kuti sanafike 50, kumeneko kukhala kulephera kwachitatu. Sipadzakhalanso chokambirana. Mkuluyo anawonjezera kuti akuwapatsa njira yopanda minga, aitenge.

"Ndikalembanso, ana aja azidzati agogo anabera, anawakhululukira, n'kuwapatsa mwayi wachinayi. Chongani omwewo. Ngati ndagwa, ndagwa ndi dzanja langa."

Anakana kukadikira panja. Anakhala pampando, manja oyera ndi choko ali pamiyendo, maso ali pa cholembera chofiira cha Sisitala. Pamene Sisitala anathetha mayankho atatu otsatizana, anayamba kuganiza za mmene akawauzire amuna awo. Kuchonga kunatenga mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sisitala anawonkhetsa kawiri, anapereka kwa mkuluyo, nayenso anawonkhetsa. Anapeza 57.

Satifiketi anadzalandira Lachisanu pa 15 Disembala 2017, ndipo anagwira ntchito ya wothandizira namwino mpaka pamene anapuma, Lolemba pa 30 Juni 2025. Koma za pa 24 Epulo zinali zisanathe. Tsiku limenelo, ali pakhomo la ofesi, anatembenuka n'kunena kuti pepala lawo linalandidwa anthu 23 akuona, choncho zotsatira zake zinenedwenso anthu omwewo akumva. Sisitala anati zimenezo si mwambo wa sukulu. Mkuluyo anati palibenso lamulo loletsa.

Mayi Chikolopa ndi Sisitala analowa m'kalasi phunziro la masana litangotsala pang'ono kuyamba. Sisitala anaima kutsogolo, anakonza magalasi, n'kunena mothamanga, maso ali m'kaundula, kuti nkhani ya Lachisanu yafufuzidwa, panalibe kubera, ndipo mayi akhoza. Anatsegula buku kuti ayambe kuphunzitsa.

Mayi Chikolopa anakweza dzanja kuchokera pampando wawo.

"Pepani asisitala, makutu anga ndi a agogo. Sindinamve bwino, ndiponso akumbuyoko sanamve. Tabwerezani, ndi malikisi omwe."

Sisitala anawayang'ana kwa kanthawi pamwamba pa magalasi. Kenako anatseka buku, n'kubwereza mokweza, liwu ndi liwu.